Kulapa kwa a Solomoni Kamzati

Tsiku limene a Solomoni Kamzati anaimba nyimbo ya kudambwe m'tchalitchi linali la Mgonero, ndipo anthu anali atadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Mkazi wawo Abigail, amene mudzi wonse unkangomutchula kuti Nachisale, anali kumbali ya amayi a Chigwirizano atavala zoyera zake, maso ali pa mwamuna wake monga ankachitira masiku amenewo.

Abusa atangonyamula chikho, a Kamzati anaimirira pa mpando wa akulu a mpingo. Anthu anayesa kuti akupita kukathandiza kugawa, poti ntchito imeneyi anayamba kuigwira ambiri m'tchalitchimo asanabadwe. Koma ayi. Anatambasula manja, n'kuweramira kutsogolo, n'kuyamba kupalasa simenti ndi phazi. Kenaka mawu anatuluka, amphamvu ngati a mnyamata, ndipo inali nyimbo ya gule wamkulu yeniyeni.

Mwana wina anaseka, amake n'kumutseka pakamwa. Nachisale anadzuka, anakafika kutsogolo n'kuwagwira mkono.

"Abambo, tiyeni panja," ananong'ona.

"Taleka, ikukomatu iyi!" anayankha a Kamzati, nkhope ili mwee.

Anawatulutsa anthu onse akuonerera. Manyazi amene anamugwira tsiku limenelo, Nachisale analakalaka nthaka ikanang'ambika n'kumumeza ndi duku lomwe.

Madzulo a tsiku lomwelo kunyumba kunafika Nathaniel, mlembi wa mpingo. Ali mnyamata, Nathaniel anaphunzitsidwa kalasi ya ubatizo ndi a Kamzati omwewa, ndipo ankawakonda ngati bambo ake omubala. Anakhala pakhonde chipewa chili m'manja, akuchizunguza.

"Mayi, nkhani ija yavuta," anatero. "Loweruka akulu a mpingo akumana. Ena akuti abambowa anabwerera ku gule kalekale, angokhala akutinamiza. Akawapeza olakwa awadula mumpingo, ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake. Tsiku limene Mulungu adzawaitane, mpingo sudzabwera kudzaimba pamaliro awo."

Mawu amenewa anamulasa Nachisale pamtima. A Kamzati anameta ku dambwe ali mwana, monga anyamata onse a kwawo kuseri kwa phiri, koma anabatizidwa asanamukwatire, ndipo kuchokera pamenepo sanaphonye tchalitchi ngakhale mvula itagwa ya matalala. Ndi angati anawaperekeza kumanda ndi nyimbo m'mapiri a ku Ntchisi kuno? Ndiye iwo adzapite chete ngati mlendo wongodutsa?

"Ndichite chiyani, a mlembi?" anafunsa.

"Njira yachidule ilipo," anatero Nathaniel. "Alape. Angoimirira n'kunena kuti ndalakwa, ndalapa, mundikhululukire. Munthu wolapa sitimutaya. Awaimika miyezi ingapo, kenaka awabwezera, nkhani n'kuzizira. Awaloweze mawuwo bwinobwino. Komanso pofika Loweruka asaoneke panja. Akachitanso china, ngakhale ine sindidzatha kuwateteza."

Nathaniel ankanena ndi mtima wabwino, ndipo Nachisale anavomera. Chimene sanamuuze n'chakuti kunyumbako zinthu zinali zitasokonekera kale. Dzinja lapitalo anawapeza a Kamzati m'chigafa akusoka masamba a mango n'kumawapachika pa mikangala, ati fodya wa chaka chino wachita bwino. Mwana wawo wamkazi atabwera kuchokera ku Lilongwe, anamulonjera ngati mlendo n'kumufunsa kwawo. Ankadya, pakapita kanthawi n'kumadandaula kuti akuwamana chakudya. Zonsezi Nachisale ankazikwirira. Ofunsa ankawauza kuti ndi kuthamanga kwa magazi basi.

Mawa lake, sukulu itaweruka, kunabwera Judith. Ameneyu anali mphunzitsi pa pulayimale ya m'deralo, ndipo nthawi yake yopuma ankaithera ku gulu lina lodzipereka limene linkayendera okalamba ndi odwala maganizo. Gululi silinkalandira malipiro. Linali ndi nazale ya mitengo kumtsinje, kumene linkafesa mbande za m'bawa, msangu ndi mthethe n'kumagulitsa kwa alimi, poti mapiri anali atayera ndi kudula mitengo ya zigafa. Ndalama za mbandezo ndi zimene zinkalipira njinga yamoto yopititsa odwala kuchipatala.

"Amayi, ndinalipo dzulo," anayamba Judith atalonjerana. "Kodi abambowa amaiwala kumene aika zinthu? Amafunsa funso limodzimodzi kangapo? Amatchula anthu amene anamwalira kale ngati alipo?"

Nachisale anadzidzimuka, ngati kuti Judithyo ankasuzumira pawindo lawo miyezi yonseyi. Koma mantha anasanduka ukali.

"Aphunzitsi, mwamuna wanga si wamisala."

"Sindinanene za misala. Pali matenda oiwalaiwala amene amagwira ubongo, makamaka munthu akamakalamba. Mayi anga omwe anadwala. Ife tinkati atilodza, tinayenda nawo kwa asing'anga mpaka mbuzi zinatha m'khola. Tinadziwa mochedwa, n'chifukwa chake ndinalowa gululi. Tiyeni tikawaonetse kwa anamwino, njinga tilipira ndife."

"Kuti dera lonse lino limve kuti mkulu wa mpingo wazungulira mutu? Ayi, pepani. Nkhaniyi itha Loweruka."

Judith sanakakamize. Anaimirira n'kukonza chitenje chake. "Akuluakulu anati mukabisa matenda maliro tidzamva, amayi. Mukandifuna, masana aliwonse ndimakhala ku nazale."

Ndiye sukulu ya kulapa inayambika. Nachisale ankawakhazika a Kamzati pa mpando m'nyumba, chitseko chotseka, n'kumawabwerezetsa mawu atatu aja.

"Nenani kuti ndalakwa."

"Ndalakwa. Ndalakwa chiyani kodi?"

"Ingonenani. Ndalapa."

"Nachisale, ndapha munthu?"

"Simunaphe munthu! Ingonenani, abambo inu, mundipheranji ine?"

Ankalowezadi, koma pakangopita kanthawi zonse zinali zitauluka, n'kuyambiranso. Nachisale ankakalipa, kenaka n'kulira, kenaka n'kukalipanso. A Kamzati anayamba kumuopa. Akamva mapazi ake ankadzikundikira pakona, manja ali pachifuwa, ndipo chakudya anayamba kuchikana.

Lachinayi masana Nachisale anayenera kupita kudimba kukathirira nazale ya fodya, imene inali itayamba kufota. Anawasiya atagona, anakhoma chitseko ndi loko, kiyi n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Pobwerera anapeza loko ali momwemo, koma windo la kuchipinda lili pululu, galasi litasweka, magazi atadontha pa khoma. M'nyumba munalibe munthu.

"Kalanga ine!" anafuula, ndowa n'kugwa.

Anazungulira nyumba, anasuzumira m'chigafa, m'bafa, m'khola. Anafuna kukuwa kuti anthu amuthandize, koma anadziletsa. Akakuwa ndiye kuti nkhani yafika kwa akulu a mpingo dzuwa lisanalowe. Anaima pabwalo mutu utaima, kenaka miyendo inamutengera yokha kumtsinje.

Anamupeza Judith ndi anzake awiri akuthira dothi m'timachubu ta mbande. Judith atangomuona nkhope anataya fosholo.

"Athawa," anatero Nachisale, mpweya uli m'mwambam'mwamba. "Ndinawatsekera, athyola windo. Avulala."

Judith sanamudzudzule. Anatuma mnzake mmodzi kumsika wa ku Kasakula, wina kumsewu waukulu, kenaka anamugwira Nachisale mapewa.

"Amayi, ganizani bwino. Anthu odwala matendawa kawirikawiri amalowera kumene ankakhala ali ana. Abambowa kwawo n'kuti?"

"Kuseri kwa phirili. Kuno anadzakhala chikamwini. Koma nyumba ya amayi awo inagwa kalekale, palibe aliyense."

"M'mutu mwawo sinagwe. Tiyeni."

Anakwera phiri dzuwa likuswa mtengo. Phirilo linali zitsa zokhazokha, popanda ndi mthunzi womwe wopumirapo. Pa mwala wina anaona kadontho ka magazi, patsogolo pake nsapato imodzi ya a Kamzati. Nachisale anainyamula n'kuikumbatira. Atafika pamwamba, mphepo inawabweretsera kulira kwa ng'oma. Kumudzi kwa a Kamzati kunali chiliza tsiku limenelo, ndipo gule anali atatuluka.

Nachisale anaima chilili. Njira yakale yopita kunyumba kwa apongozi ake inkadutsa m'mphepete mwa manda, ndipo m'nkhalango ya mandayo ndi mmene munali dambwe. Mapazi a munthu wovala nsapato imodzi ankaoneka bwinobwino pa fumbi, akulowera komweko.

"Zatha," anatero. "Akawaona kumeneko, Loweruka ndikanena chiyani? Nanga anyamata a masiku ano akuwadziwa? Sawamenya?"

Anatsika mpaka pamene njira inapatukira kumanda. Kupitirira pamenepo mkazi sadutsa, ndipo onse awiri ankadziwa. Anthu opita ku chiliza ankadutsa n'kumawayang'ana, ena n'kumanong'onezana. Nachisale anazindikira mayi wina wa mumpingo mwawo amene anakwatiwa m'mudzimo, ndipo anadziwa kuti mbiri yanyamuka kale. Anakhala pansi pa fumbi osasamalanso za ulemu wake.

Patapita nthawi, tchire linagwedezeka. Munatuluka nkhalamba ina yayitali, ya ndodo, itagwira a Kamzati padzanja. Mkono wa a Kamzati unali womangidwa ndi kansalu kofiira. Nkhalambayo inali a Enoki, mnzawo wa paubwana, mmodzi wa akuluakulu a gule m'mudzimo.

"Mlamu, tengani munthu wanu," anatero a Enoki. "Anyamata anamugwira, ankati ndi kazitape. Mwayi ndinali pafupi. Ndamufunsa kuti ukufuna chiyani kuno, akuti amayi andituma ndikakuse mbuzi. Amayi ake tinawaika m'manda momwemu ine tsitsi lisanayere! Ineyo wandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndamuona Enoki. Solomoni akudwala, mlamu. Mwakhala mukumubisiranji?"

Nachisale anadzuka pa fumbi paja. Anagwada n'kuwaveka mwamuna wake nsapato ija, misozi ikugwera pa phazi lotupa. A Kamzati anamuyang'ana mwamantha.

"Ndalakwa," anatero. "Ndalapa."

Mawa lake njinga yamoto ya gulu lija inawatengera kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Namwino wake, mayi Mirriam, anatsuka bala, anawayeza magazi, shuga ndi malungo, kenaka anawafunsa mafunso mofatsa. A Kamzati sanathe kutchula mwezi kapena chimene anadya m'mawa, koma mayina a ng'ombe za malume awo anawatchula onse. Kenaka namwinoyo anamufunsa Nachisale payekha, ndipo kwa nthawi yoyamba Nachisale anafotokoza zonse, ndi za masamba a mango zomwe.

"Ndiwatumiza kwa dokotala wamkulu kuboma kuti akatsimikize," anatero mayi Mirriam. "Koma zizindikiro zake ndi za matenda oiwalaiwala. Mawa ndili pa tchuthi. Ngati abusa angalole, ndibwera kudzawafotokozera akulu a mpingo."

Abusa analola. Loweruka akulu a mpingo anakhala m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. A Kamzati anakhala pakati atavala jekete lawo la Lamulungu, Nachisale pambali pawo. Judith ndi namwino anakhala kumbuyo. A Enoki nawo anabwera, koma anakana kulowa.

"Ine m'tchalitchi umu ndinalowamo pa ukwati wa Solomoni yemweyu, ndipo benchi inandipweteka," anatero. "Ndiima pawindo pompano."

Nathaniel anafotokoza mlandu. Asanamalize n'komwe, mkulu wina dzina lake a Obed anaimika dzanja.

"Onjezanipo za Lachinayi," anatero a Obed. "Anthu awaona akutuluka kudambwe, atagwirana manja ndi mkulu wa gule amene ali pawindoyo. Tikufunanso umboni wanji? Tikalekerera izi, achinyamata tidzawauza chiyani?"

Abusa anapempha namwino kuti alankhule. Mayi Mirriam anaimirira.

"Abusa ndi akuluakulu nonse, za malamulo a mpingo mukudziwa ndinu. Ine ndingonena za thupi. Matendawa kuchipatala timawatcha dimenshiya. Amawononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo amayamba kufufuta zatsopano, zakale n'kutsala. Zili ngati nkhokwe: mukamatapa chimanga mumayamba cha pamwamba, cha pansi chimene munathira poyamba chimatsala. Abambowa za dzulo zapita, za chaka chatha zikupita. Zimene zatsala pansi ndi za ubwana wawo: amayi awo, mbuzi, ndi nyimbo zimene ankaimba ali mnyamata. Sanasankhe kuimba nyimbo ija. Si ufiti, si mizimu, ndipo si kubwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro. Akhoza kudwala m'busa, mphunzitsi, ngakhale ine."

"Nanga amachira?" anafunsa abusa.

"Mankhwala ochiritsiratu palibe. Koma munthu akamasamalidwa bwino amakhala mwamtendere. Osamukalipira, osalimbana naye akasokoneza, osamutsekera yekha m'nyumba. Anthu oyandikana nawo adziwe, kuti akamuona akusochera amubweze. Ndipo wosamalayo nayenso apeze omupumuza, apo ayi tidzakhala ndi odwala awiri."

A Enoki anakhosomola pawindo. "Ndiponyepo limodzi. Nyimbo imene akuti anaimbayo, kwathu inasiyika kalekale. Oidziwa tatsala awiri, ine ndi iyeyu. Chibatizidwireni, Solomoni sanapondeko kudambwe kwathu kuja mpaka dzanali. Ndinamunyengerera mpaka ndinatopa."

Akulu ena anagwedeza mitu, koma a Obed sanakhutire. Sanali munthu woipa, koma ankakhulupirira kuti mpanda ukaboola pamodzi mbuzi zonse zimatulukira pomwepo.

"Tamva anamwino, tamva a pawindo," anatero. "Koma mwini wake ali pompano ndipo pakamwa ali napo. A Kamzati, imirirani. Mukuti bwanji pa nkhani imeneyi?"

Nachisale anatambasula dzanja. Anafuna kuwagwira jekete, koma anachedwa. A Kamzati anaimirira, anakonza kolala, anaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Mawu amene ankawavuta sabata yonse anatuluka osaphonya ndi limodzi lomwe.

"Ndalakwa. Ndalapa. Mundikhululukire."

"Mwamva nokha," anatero a Obed, akutambasula manja. "Munthu wosadziwa kanthu angalape bwanji? Avomera."

Nathaniel anazolika. Nachisale anaona kuti njira yachidule ija ilipobe: akangokhala chete, awaimika miyezi ingapo monga wolakwa wolapa, ndipo iye palibe amene amuloze chala. Koma mwamuna wake akanasenza tchimo limene sanachite, ndipo tsiku lina akadzaimbanso, akanadzati walapa mwachinyengo n'kumudula kotheratu. Nachisale anaimirira.

"Abusa, mawu amenewo si awo. Ndi anga. Ndawaphunzitsa ine sabata yonse, chitseko chotseka, ndikuwakalipira ngati mwana. Ndinkaopa manyazi. Ndinkaopa kuti adzaikidwa popanda nyimbo. Matendawa ndawabisa zaka ziwiri, ndipo Lachinayi ndinawakhomera m'nyumba mpaka anadzicheka ndi galasi. Ngati pali wolapa pano, ndine."

Abusa anamuyang'ana. Kenaka anadzuka pampando wawo, anapita pamene panali a Kamzati, n'kuwafunsa motsitsa mawu.

"Bambo Kamzati, mwati mwalakwa. Mwalakwa chiyani?"

A Kamzati anayang'ana abusa, anayang'ana denga, anayang'ana anthu onse aja amene anatumikira nawo zaka zambirimbiri, ndipo zinkaoneka kuti sakuzindikira ndi mmodzi yemwe. Kenaka maso awo anagwera pa mkazi wawo.

"Sindikudziwa, bambo," anatero. "Koma Nachisale wakhala akulira. Ndiye kuti ndalakwa ndithu."

Nathaniel anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Atadzigwira anaimirira n'kunena kuti nzeru ya kulapayo anapereka ndi iye, ndipo anapempha kuti zilembedwe choncho. A Obed anayang'ana manja awo.

"Akazi anga masiku ano akumaika mchere mu tiyi," anatero a Obed, mawu ali pansipansi. "Dzana anandifunsa kuti ana abwerako liti kusukulu. Ana athu ali ndi zidzukulu. Ine ndimangowakalipira." Anatembenukira kwa namwino. "Mayi, njinga ija ingabwerenso kwathu?"

Mlandu unathera pomwepo. Akulu anagwirizana kuti a Kamzati ndi wodwala, osati wolakwa. Anawapumitsa pa ntchito ya ukulu mwaulemu, dzina lawo n'kukhalabe mumpingo, ndipo mpando wawo wa kutsogolo anati asauchotse.

Lamulungu lotsatira abusa anapatsa gulu la Judith mpata wolankhula mapemphero atatha. Panja anali atayala mbande za mitengo mizeremizere. Judith anafotokoza za ntchito yawo, koma amene anagwedeza anthu anali Nachisale. Anaima kutsogolo, pamalo pomwe paja anachitira manyazi, n'kunena zonse ndi pakamwa pake. Tsiku limenelo mbande zinatha psiti, ogula ena alibe ndi malo omwe odzalapo. Amayi a Chigwirizano anagawana masiku okakhala ndi a Kamzati kuti Nachisale azipita kudimba mtima uli m'malo, ndipo achinyamata angapo analembetsa kuti azikathirira ku nazale. Pobalalika, anthu ankamukokera Judith pambali mmodzimmodzi, aliyense akuyamba ndi mawu omwewo: "Aphunzitsi, kwathunso kuli agogo ena ake."

Nachisale naye analowa gululo. Masiku amene kunyumba kuli omupumuza amapita ku nazale, kapena amaperekeza Judith m'midzi. Akafika pakhomo pamene akubisa wodwala sachedwa kuzindikira, poti mabodza ake ndi omwe aja ankanena iye.

A Kamzati sanachire. Pa Mgonero wotsatira anayambanso kung'ung'udza kanyimbo kawo, phazi likugunda pansi. Palibe anaseka, palibe anawatulutsa. Nathaniel anakhala pambali pawo n'kuwagwirira chikho kuti chisatayike.

Koma chinthu chimodzi chinatsalira. A Kamzati anaiwala mayina a ana awo, anaiwala njira ya kudimba, masiku ena ngakhale dzina la Nachisale limawathawa. Mawu atatu aja okha ndi amene anakana kuchoka. Mbale ikagwa, mwana akalira kwa aneba, kapena Nachisale akangolowa mofulumira, iwo amadzidzimuka, manja n'kupita pachifuwa.

"Ndalakwa. Ndalapa."

Zimamupweteka Nachisale kuposa china chilichonse, chifukwa akudziwa amene anawadzala mawuwo. Ndiye amasiya chimene akuchita, kaya ndi kangati pa tsiku, amakhala pansi n'kuwagwira dzanja la chipsera lija.

"Simunalakwe, abambo. Mukudwala chabe. Ndili pompano."

Iwo amamuyang'anitsitsa, mapewa n'kutsika pang'onopang'ono.

"Oo," amatero. "Ndiye usalire."

Phunziro: Wokalamba akayamba kuiwalaiwala, kusochera kapena kuchita zachilendo, tisathamangire kumuweruza, kumunena ufiti kapena kumubisa m'nyumba. Tipite naye kuchipatala msanga ndipo tiuze anzathu kuti atithandize kumusamala. Tithandizenso magulu odzipereka a m'dera lathu, kaya ndi nthawi yathu kaya ndi kangachepe kathu, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.